Timikanda ta Kangaude

Padangokhala dambo lina kumene Mphiri inkamaliza ana a nyama. Kangaude, poona maliro achuluka, adaumba timikanda ta utomoni, tochepa kuposa fumbi. Timikandato tikalowa m'magazi, tinkakola ululu wa njoka ngati ulimbo.

Mwana wa Gwape atalumidwa, Kangaude adathamanga nato, koma Nkhanga adamutsekera njira.

"Mayi Gwape, musalole! Ameneyu ndidamuona ndi maso angawa akutuluka ku una wa Mphiri."

"N'zoona," adatero Kangaude. "Ndidakatenga dontho la ululu kuti ndiumbirepo. Msampha umatchera utaona phazi la nyama."

Gwape adayang'ana mwendo wa mwana wake ukutupa, nati, "Mupatseni, chonde."

Dzuwa lisanapendeke, mwana adadzuka n'kuyamba kuyamwa.

"Mwaonatu!" adakuwa Nkhanga. "Mankhwala enieni amawawa, amachedwa. Kuchira msanga chonchi? Adapangana awa, wina aziluma, wina azitamandidwa!"

Nyama zidayamba kunong'onezana. Ngakhale Gwape adakokera mwana wake kumbuyo. Zidamupirikitsa Kangaude, iye n'kukabisala kudenga kwa anthu.

Mphiri itamva, sidavutikenso n'kubisala. Mpaka lero imagona pakati penipeni pa njira.