Mikanda M'chitseko cha Galimoto

"Fyuzi ili bwino, batani lilinso bwino," anatero makaniko wa ku Luchenza akumasula chitseko cha galimoto ya a Teleza, kapitawo wa kuesiteti ya tiyi. Galasi linkakana kutsika.

Akazi awo, a Salome, anasuzumira m'chitsekomo. Abale inu, chomwe chinakola galasilo chinali chingwe cha mikanda ya m'chiuno!

"Si yanu iyi, mayi?" anatero a Teleza mwachibwibwi.

"Yanga ndavala, bambo!"

A Salome anatsomphola sipanala m'manja mwa makaniko. Koyamba anakhoma amuna awo pamphumi, magazi chuu! Kachiwiri anakhoma galasi lija, phwaa!

"Amakaniko, bwezerani chitsekocho," anatero akukonza chitenje. "Windo latseguka tsopano, aziwonana bwino ndi mwini mikanda."