Malalanje a Pakhoma la Patarau

Panali bambo wina ku Entre Lagos, kumalire ndi Malawi, dzina lake Bwanausi, m'zaka zija Apwitikizi akulamulirabe, njanji itangofika kumene. Ankaphika kwa mzungu wa sitolo, amene ankamutchula kuti Patarau, kutanthauza bwana, mkazi wake Mastura n'kumachapa zovala komweko.

Pakhoma la mzunguyo panali chithunzi chopenta, malalanje atatu ndi mphesa m'mbale. Akuti anachijambula katswiri wina wotchuka wa ku Ulaya akali mnyamata, ndipo mwini nyumba ankati mtengo wake umaposa sitolo yonse.

Tsiku lina mzunguyo atachoka pa ulendo, m'sitima munatsika munthu wa tayi ndi nsapato zonyezimira, Chipwitikizi chili m'kamwa ngati anabadwa nacho.

"Patarau wandituma," anatero mlendoyo. "Matabwa a chithunzi chija akufunika kukonza."

Mastura anakokera mwamuna wake kukhitchini. "Bambo a Safiya, mufunseni kalata. Patarau satuma munthu chimanjamanja."

"Iwe, munthu wa tayi ndimufunse kalata ine? Ukufuna akandinenere kwa asipayi kuti ndine wamwano? Kachape uko."

Bwanausi anachitsitsa yekha chithunzicho, n'kuchikulunga m'kapulana, nsalu yatsopano ya mkazi wake, n'kumunyamulira mlendoyo mpaka pasiteshoni. Anamuvuliranso chipewa. Sitima inaolokera ku Malawi.

Mzungu atabwera sanafunse n'komwe kuti mlendoyo ankaoneka bwanji. Anangouza Bwanausi kuti, "Wakuba ndiwe." Munthu woti wamuphikira zaka khumi ndi ziwiri, osasowetsa ngakhale supuni. Asipayi, apolisi a Apwitikizi aja, anamumenya m'manja ndi palamatoriya, thabwa lamabowo lija, masiku atatu, chifukwa cha zipatso zoti ngakhale mbalame singajomphe. Msipayi mmodzi yekha, Amisi, ndiye ankamubweretsera madzi ofunda mobisa kuti aviikemo manja. Mulungu amukumbukire ameneyo.

Bwanausi anatuluka zala zitapindika, ntchito itawathera onse awiri. Anabwerera kwawo kunyanja ya Amaramba, koma khoka sankathanso kukoka.

M'mawa wina, Mastura akumumanga mabatani a malaya, Bwanausi anati, "Ukanandiumiriza, mayi a Safiya."

Mastura anasiya batani lili pakati, n'kumuyang'ana.

"Pakamwa ndinali napo pamodzi pokha, ndipo ndinanena. Inu munamvera tayi. Imani bwino ndimalize."

Phunziro: Chovala si kalata. Amene anamuphunzitsa Bwanausi kuopa tayi ndi omwewo anamuthyola zala, ndiye musalole mantha akutsekeni pakamwa. Mlendo akadzera chinthu chimene mwasungitsidwa, mufunseni umboni, ndipo wa m'nyumba mwanu akakuchenjezani musamuthamangitse. Atumizireni anzanu nkhaniyi, makamaka amene amasunga za eni.