Waya wa abwana aakulu pa Ginnery Corner

Panali munthu wina wa ku Chirimba, dzina lake Dalton, mmisiri wa zamagetsi wa manja abwino koma wa makutu ouma. Nkhaniyi ndi yoona, anandiuza ndi mkulu wa mpingo amene sadziwa kunama.

Kampani ina ya pa Ginnery Corner inamulembera kalata yomupatsa ntchito yoika mathemositati m'maofesi ake onse. Themositati ndi kabokosi ka pakhoma kamene kamayeza kutentha kwa m'chipinda n'kuuza kompyuta, ndipo kompyutayo imalamula eyakoni ya chipindacho kuti iziziritse kapena itenthetse. Kalatayo inanenanso kuti mkulu wa kampaniyo akakhutira, adzamupatsa ntchito yomweyo pa nyumba yawo ya nsanjika zinayi ku Limbe. Mkuluyo Dalton anali asanamuonepo.

Asanayambe, a Wilfred, amene anamuphunzitsa ntchito, anamulangiza.

"Dalton, pa waya aliyense umatepo tepi, ulembepo nambala ya chipinda monga ilili pa pulani. Ukamaliza, uyese chipinda chimodzichimodzi."

"Madala, manambala ndi a ana a sukulu. Ine ndimalemba zomveka."

"Nambala sinama, mwana wanga."

"Nanga maso angawa amanama?"

Lolemba anafika pa maofesi awiri oyandikana. M'ofesi yoyamba munali bambo wodzaza mpando wonse, mimba itagunda desiki, thukuta kamukamu. Dalton anavula chipewa, kupereka moni wa manja awiri, n'kulemba pa tepi kuti "Abwana aakulu". M'ofesi yachiwiri munali mayi wamfupi, wochepa thupi, mapazi osafika bwino pansi.

"Asisi, tasunthani pang'ono ndiboole khomali," anatero Dalton.

Mayiwo anasuntha. Dalton analemba pa tepi kuti "Abwana aang'ono". Sanafunse munthu. Akanafunsa, ngakhale mlonda wa pageti akanamuuza kuti mayi wamfupi uja, mayi Ndaziona, ndiwo mkulu wa kampani yonse, ndipo bambo onenepawo ndi a Kalimu, oyang'anira magalimoto basi.

Lachitatu kunabwera a Ella a makompyuta kudzalumikiza themositati iliyonse ndi eyakoni yake. Atawerenga "Abwana aakulu", anachita monga aliyense wa pakampanipo akanachitira: analumikiza kabokosi ka a Kalimu ndi eyakoni ya mayi Ndaziona. Ka mayi Ndaziona kanapita kwa a Kalimu.

"Tiyese kaye?" anafunsa a Ella.

"Kuyesa ndi kwa anthu okayika," anayankha Dalton, n'kuthamangira minibasi.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Lachinayi m'mawa a Kalimu anamva kutentha, n'kutsitsa nambala ya kutentha pa kabokosi kawo kufika pa 18. Kwa mayi Ndaziona kunayamba chiperoni. Mayiwo anavala juzi, n'kukweza nambala yawo kufika pa 26. Kwa a Kalimu kunasanduka Nsanje. Anamasula tayi, kutsitsa pa 16. Mayi anafunda chitenje, kukweza pa 30. Pofika masana a Kalimu anali atatsala ndi vesiti, akudzikupiza ndi failo, pamene kuseri kwa khoma lomwelo mkulu wa kampani ankasaina makalata mano akugundana.

Anakumana pakhonde, wina akudontha, wina akunjenjemera.

"Madamu, ndikuona ngati malungo andipeza," anatero a Kalimu.

"Andipeza ndi ine, bambo. Inu mwangotentha, ine ndafika pozizidwa."

Anatsala pang'ono kukwera galimoto imodzi ya kuchipatala. Koma a Kalimu atalowa kwa mayiwo kukawatengera chikwama, anaima pakati pa chipinda, kutambasula manja ngati ali pa pemphero.

"Madamu, muno ndiye kumwamba! Bwanji tingosinthana?"

Mayi Ndaziona sanaseke. Anaitanitsa Dalton ndi a Ella nthawi yomweyo.

Dalton anafika akupukuta nsapato pa thalauza, n'kulunjika kwa a Kalimu.

"Abwana, musadandaule. Ndi kompyuta ya a Ellawa yasokoneza."

"Ine ndatsata zolembedwa," anatero a Ella, n'kutsegula bokosi la mawaya pamaso pa onse. "Uyu walembedwa abwana aakulu. Uyu, abwana aang'ono."

"Werenganinso wachiwiriyo," anatero mayi Ndaziona.

"Abwana aang'ono, madamu."

"Ndipo akuchokera m'chipinda cha yani?"

"Chanu, madamu."

Dalton anayang'ana a Kalimu, a Kalimu anayang'ana denga.

"Achimwene," anatero mayi Ndaziona mofatsa, akupinda chitenje chija, "tsiku lija ndinali asisi, lero ndine wamng'ono. Palibe kanthu. Koma ntchito ya ku Limbe ndi yaikulu, munthu wochepa ngati ine sindingaipereke. Pemphani kwa abwana anu aakuluwo."

Dalton, mutu utasokonekera, anatembenukiradi kwa a Kalimu.

"Ayi, ayi, musandiphetse," anatero a Kalimu. "Ine mphamvu zanga zimathera pa matayala."

Ntchito ya ku Limbe inapita kwa a Wilfred. Iwo, pokhala munthu wachifundo, anamutenga Dalton kuti awathandize, koma sanamulole kugwira waya ngakhale mmodzi. Anamupatsa tepi ndi cholembera. Nsanjika zinayi zonse, chipinda ndi chipinda, analemba manambala.

Phunziro: Ukulu wa munthu sayeza ndi lamba wa m'chiuno. Chimene sukudziwa funsa, chimene wauzidwa ndi okuphunzitsa chita, ndipo ntchito usaisiye usanaiyese. Tumizani nkhaniyi kwa amisiri onse amene mumawadziwa, makamaka aja oyankha asanamve.