Diso Limodzi la Mpongozi

Chibwerereni pulogalamu yotulutsa anthu athunthu m'kanema wa pafoni, Nasimango ankathawira kukhitchini mkamwini wake Lufeyo akaimba kuchokera ku Joni. Kale chinali chithunzi chabe. Tsopano munthu ankachita kukhala pamkeka, ndipo mpongozi sayang'anizana ndi mkamwini.

Tsiku lina Lufeyo ataimba, mwamuna wa Nasimango anaitana mkazi wake. "Anasimango, bwerani, wanyamula khanda lija!"

Nasimango anali asanamuonepo mdzukulu wakeyo. Anaima pakhomo, nakumbukira kuti pulogalamuyo imapusitsa maso akapenya onse awiri. Anaphimba diso limodzi ndi chitenje. Lufeyo anaphwatalala, n'kubwerera m'galasi la foni. Nalonso khanda linaphwatalala ngati pepala.

"Bambo, auzeni amugoneke mwanayo, iwo achokepo," anatero. "Ndimuone ndi maso onse awiri."