Ndere Zofiira pa Khola la a Tak

"Tsegulani ukondewo nsomba zithawe, bambo a Sun-mi! Ndere zopha nsomba zija zafika!" anakuwa Gil-ja.

Mwamuna wake, Tak Man-su, ankangozungulirazungulira pakhola lawo la nsomba lam'nyanja, maso ali kumtunda. Lamulo silinkalola kumasula nsomba woyendera wa boma asanatsimikize kuti zilibe matenda.

"Ukufuna atilande chilolezo? Akubwera. Ndinawaimbira dzana," anatero Man-su.

Woyenderayo, mayi Pyo, anafika dzuwa litapendeka. Anavuula nsomba imodzi ikuphupha mobanika, n'kupukusa mutu.

"Pepani bambo, zodwala sitilola kuzimasula. Mukanatiitana zikadali zamphamvu."

Man-su anangoyang'ana pamene anasoka ukondewo dzulo lake, kuti pasathawe ngakhale imodzi woyendera asanabwere.