Msomali wa Malemu

"Msomali uwu ndiuzula lero," anatero mayi wakhandayo, hamala ili m'manja. "Wamukanda mwana patsaya."

"Usaukhudze!" anakuwa apongozi ake, omwe maso anali atachita kale khungu. "Anaukhoma ndi malemu amuna anga tsiku lomwe tinafika m'dziko la eni lino. Ukauzula, tiziswali titayang'ana kuti?"

"Foni ilipo, amayi. Nayonso imaloza ku Maka, komanso sikanda ana."

Anaika foni pansi, pambali pa mkeka woswalira. Kamuvi ka pafonipo kanazungulira n'kuima kataloza ku firiji, kutali ndi msomali. Anaigwedeza n'kuyesanso. Firiji yomweyo.

Ndiye kuti zaka zonsezi banja lonse limagwada litayang'ana kolakwika? Nanga msomaliwo umaloza kuti?

Anatsegula mapu pafonipo n'kuyendetsa chala kutsata komwe msomali unaloza. Chala chinaoloka nyanja, chinadutsa mapiri, n'kukaima pa dzina limene m'nyumbamo satchula: tauni imene anathawako nkhondo, kumene apongoziwo anasiya mwana wawo woyamba m'manda opanda chizindikiro.

Anatembenuka. Gogoyo anali akupapasa khoma, zala zikufunafuna msomali monga munthu afunira nkhope ya mwana mumdima.

"Wangoti zii bwanji? Yati chiyani foni yako yanzeruyo?"

Mayiyo anaika hamala pansi. Anang'amba kansanza pa thewera lakale n'kukulunga mutu wa msomaliwo, mfundo ziwiri zolimba.

"Yatha moto, amayi. Bwerani, ndikuyalireni mkeka."