Kapitawo amene analetsa maliro pa esiteti

Panali munthu wina dzina lake Zakeyu, amene anapatsidwa ukapitawo pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Makwasa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Anali wochokera kutali, ku Ntcheu. Ntchito ankaidziwa ndithu, koma anali nkhutukumve.

Pa esitetipo panali mwambo. Othyola tiyi ambiri anali Alomwe ochokera kwa Apwitikizi, abale awo anatsala kutsidya kwa malire. Ndiye anapangana kalekale kuti wina akamwalira, mlonda aziimba chitsulo, madengu onse azitulidwa, aliyense asanduke mbale wa malemuyo. Wa Sabata, wa Katolika, wothira nsembe patsinde pa mtengo, onse kumanda limodzi. Ngakhale mzungu, mwini esitetiyo, ankavula chipewa n'kuima kumbuyo. N'chifukwa chake anthu sankachoka pamenepo, pomwe maesiteti ena ankasowa antchito dzinja lililonse.

Mvula itagwa, tiyi anaphuka moopsa. Masiku omwewo kunamwalira Malizani, wothyola tiyi amene analibe mbale ndi mmodzi yemwe. Mlonda akuti aimbe chitsulo, Zakeyu anamugwira dzanja.

"Siya! Masamba akukhwima m'mundamu. Wakufa sathamangira kulikonse."

A Simeoni, amene ankatsogolera mapemphero a m'mawa kumunda, anavula chipewa. "Akapitawo, pepani, maliro n'kulirana. Tipatseni lero lokha, mawa tidzalawirira."

"Kodi tiyi amadziwa pemphero? Aliyense kudengu lake!"

Anatuma alonda awiri kukafotsera Malizani kuseri kwa bulugama, atamukulunga m'chiguduli. Popanda nyimbo, popanda pemphero. Abale inu, munthu wa Mulungu kuikidwa ngati galu! Ine ndikamafika pamenepa mtima umandiwawa.

Tsiku limenelo anthu anathyola tiyi mpaka madzulo. Palibe anatukwana, palibe anaponya dengu. Koma m'mawa mwake banja lina linamanga katundu, kenako lina, kenako lina. Maesiteti oyandikana anawalandira ndi manja awiri. Mwezi usanathe, komboni inatsala nyumba zokhazokha, tiyi n'kukula ngati tchire. Mzungu atamva chimene chinachitika anamuuza Zakeyu mosapsatira kuti anthu akapanda kubwerera, nayenso amange katundu.

Zakeyu anazungulira maesiteti onse pa njinga, kulonjeza ufa, kulonjeza nyemba. Anthu ankamupatsa moni mwaulemu, n'kupitiriza kuthyola tiyi wa eni.

Tsoka silinunkha. Mwana wamkazi wa Zakeyu anadwala malungo, ndipo anatsirizika m'manja mwa mayi ake, a Teleza, ali panjira yopita kuchipatala. Anabwerera naye kukomboni yopanda anthu. Kwawo kutali, mitsinje yadzaza. Panalibe wolira nawo, panalibe adzukulu. A Teleza anakhala pansi ndi mtembo, okhaokha.

Zakeyu anatenga khasu n'kupita kumanda. Zimene sizichitika: bambo kukumba manda a mwana wake! Anakumba pang'ono, kenako n'kugwada m'matope.

Ali chigwadire anamva nyimbo. Poyamba ankayesa mphepo. Atadzutsa mutu anaona anthu akutsika m'tinjira ta m'tiyi, ena kuchokera kuzambwe, ena kuvuma, azibambo makasu paphewa, azimayi nkhuni ndi ufa pamutu. Onse aja anawathamangitsa ndi nkhanza zake! Mlonda woimba chitsulo uja ndi amene anathamanga kukawauza, ndipo iwo anatula madengu kumene ankagwirako, osapempha chilolezo kwa munthu. Nyimbo inadzaza chigwa chonse.

A Simeoni anafika n'kumulanda khasu mwaulemu.

"Khalani apo, akapitawo. Iyi si ntchito yanu."

Zakeyu analira mokweza ngati mwana. "Mwabwereranji? Ine ndinakuletsani kuika mnzanu!"

"Munatiletsadi, ndipo zinatiwawa. Koma mwanayu walakwanji? Pano sitisiya munthu yekha."

Anaika mwanayo mwaulemu wonse. Pobwerera, Zakeyu sanalowe m'nyumba. Anawatsogolera yekha kuseri kwa bulugama kuja, n'kugwada pamulu wa dothi umene unamera kale udzu.

"A Malizani, ndinakulakwirani," anatero pamaso pa onse. "A Simeoni, chonde yambitsani nyimbo imene ndinamumana."

Anaimba mvula ikuwakhuthukira. Sabata yotsatira utsi unayambanso kufuka m'komboni, madengu anabwerera m'munda, ndipo akuti kufikira Zakeyu anapuma ntchito atamera imvi, esiteti imeneyo sinasowenso anthu.

Phunziro: Ntchito imakhalitsa pamene pali umunthu ndi kuopa Mulungu. Anthu angapirire dzuwa, mvula ndi kutopa, koma sangakhale pamalo pamene akudziwa kuti akafa adzatayidwa. Inu amene muli ndi anthu pansi panu, musapondereze zimene iwo amazilemekeza. Musaisunge nokha nkhaniyi, itumizeni kwa anzanu a kuntchito, ndi abwana anu omwe aione.